Mau kwa Anamwino: Za Nthaŵi Yosinthana Ntchito

Anamwino anzanga, wodwala amaiŵalika mosavuta pa nthaŵi yosinthana ntchito, ali chigonere pabedi lake. Taganizani za mwana wodwala malungo aakulu amene walandira jakisoni woyamba wa artesunate 9 koloko m'maŵa. Wachiŵiri ayenera kulandira patapita maola 12, ndiye kuti usiku, inu mutaŵeruka kale. Mukangoti "onse ali bwino," chikwama chili paphewa, adzakumbuka ndani?

Chotero musasiyirane odwala pakhomo ayi. Yendani aŵiriŵiri bedi ndi bedi, khadi lili m'manja. Tchulani dzina, mankhwala ndi ola lake, ndipo mnzanuyo abwereze zimene mwanena. Funsaninso mayi wodwazika ngati mwana anakomoka kapena wakana kuyamwa, pakuti iyeyo sachoka pambali pake.