Mwana amadzidalira akakhoza yekha

Ambirife timaphunzitsa ana madzulo: wina mng'ono wake wa Sitandade 8 yemwe akudikira PSLCE, wina ana a part time omwe akukonzekera MSCE. Ndiye tikambe za mwana uja ukamufunsa funso amangoyang'ana pansi, n'kuti "ine masamu sindimatha." Mwana wotere amayamba wasiya kuyesa, kenako amasiya sukulu.

Chizolowezi chathu n'kumuuza kuti "ayi, ndiwe wanzeru." Mawu abwino ndithu, koma sakhalitsa. Katswiri wa zamaganizo Albert Bandura analemba mu 1977 kuti chomwe chimalimbitsa munthu kwambiri kuti akhulupirire kuti angathe, ndi pamene wachita chinthu n'kuchikhoza yekha. Choncho ntchito yathu n'kumukonzera mwanayo mpata woti akhoze ndi dzanja lake. Pali njira zinayi.

Yoyamba, yambirani pomwe mwanayo ali, osati pomwe silabasi yafika. Wa Fomu 3 ngati ma fraction akumuvutabe, algebra imulemera basi. Bwererani naye m'mbuyo osamuchititsa manyazi. Ku India, bungwe la Pratham limagawa ana potengera zomwe akutha, osati kalasi yawo, ndipo Zambia inatengera njirayi mu pulogalamu ya Catch Up. Ngati Chingelezi ndiye chikumutchinga, fotokozani kaye m'Chichewa, akamva tanthauzo mubwerere ku Chingelezi cha mayeso.

Yachiwiri, mukafunsa funso dikirani. M'zaka za m'ma 1970, Mary Budd Rowe anapeza kuti aphunzitsi ambiri amangodikira pafupifupi sekondi imodzi. Akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho amatalika, ndipo ana achete aja amayamba kuyankhula. Ifenso timafulumira, eti? Mwana wangokakamira pang'ono, tamulanda kale cholembera. Mpatseni kamfundo kamodzi, cholembera chikhale m'manja mwake.

Yachitatu, yamikirani zomwe wachita. Mu 1998, Claudia Mueller ndi Carol Dweck anaonetsa kuti ana oyamikiridwa kuti ndi anzeru ankapewa mafunso ovuta kuopa kuoneka mbuli, pomwe oyamikiridwa chifukwa cha khama ankalimbikira ngakhale zitavuta. Ndiye nenani chenicheni: "Waona pomwe unaphonya, wabwereza wekha, yankho lapezeka." Ndipo musaname. Ana amadziwa tikamawanyengerera.

Yachinayi, aone ndi maso kuti akusuntha. Tengani ma past paper a MANEB, atseke kope, ayankhe mafunso asanu. Lembani tsiku ndi malikisi kumapeto kwa kope lake. Sabata ino wakhoza awiri, mwezi wamawa anayi. Musamuyerekeze ndi mwana wa aneba, muyerekezeni ndi iye mwini wa mwezi watha. Pa MSCE, 9 ndi kulephera, 7 ndi 8 ndi pass, credit imayambira pa 6. Yemwe ali pa 9 musamulonjeze 1. Kambiranani za 7 kaye, kenako 6.

Pempho langa ndi limodzi, asisi. Sabata ino sankhani mwana mmodzi yemwe amati satha. Mpezereni funso lomwe angalikhoze atavutikira pang'ono, mukhale chete, mumusiye alimalize. Akamaliza mumufunse kuti, "Wachita bwanji?" Afotokoze yekha, inu mumvetsere.