Mwana Akatentha Thupi, Khasu Lidikire

Mau amene mlangizi wa zaumoyo anakamba kwa anyakwawa, makomiti a zaumoyo ndi makolo m'Cigawo ca Kum'mawa, mwezi wa Novembala, pa sabata lokumbukira matenda a malungo m'maiko a SADC.

 Zikomo kuti mwaika makasu pansi n'kubwera. Ndikudziwa kuti ena mitima ili kumunda, ena muli ndi ulendo wokatenga fataleza, motero sindikusungani mpaka dzuwa kupendeka.

Caka catha, pa msonkhano ngati uno, ndinafunsa kuti malungo amabwera ndi ciani. Agogo ena anandiyankha kuti, "Ndi mango osapsa, mwanawe, ndi kunyowa ndi mvula." Sindinawaseke, cifukwa anaona zoona. Mango akayamba ndipo mvula ikagwa, ana amayambadi kudwala. Kungoti pali mlendo wacitatu amene amafika nthawi yomweyo, ndipo agogo sanamuwerengere. Mlendoyo ndi udzudzu waukazi wa mtundu wa Anopheles, umene umaluma kuyambira madzulo mpaka m'bandakuca.

Udzudzu umenewu sufuna madzi ambiri. Umaikira mazira m'madzi oima, amene dzuwa likuwawomba: m'maenje amene tinakumba poumba njerwa, m'mapazi a ng'ombe kudambo, m'mene mwadutsa mawilo a ngolo, m'zitsime za kudimba. Masabata 2 asanathe, dzira lija lasanduka udzudzu wouluka. Ukaluma munthu amene ali ndi tizilombo ta malungo, tizilomboto timakula m'thupi mwake, ndipo pambuyo pake umatisiya mwa munthu wina. Tikalowa mwa mwana wanu, timayamba tabisala m'ciwindi kwa sabata imodzi kapena kuposerapo, mwana akusewera bwinobwino. Kenaka timatulukira m'magazi n'kuyamba kuwaononga. Mwana amene watentha thupi lero analumidwa sabata yatha kapena ya dzana, usiku umene palibe anauganizira. N'cifukwa cake mvula imayamba mu Novembala, koma mizere kukiliniki imatalika kwambiri kuyambira Januwale mpaka Epulo.

Tizilombo tofala kuno ku Zambia ndi ta mtundu wa Plasmodium falciparum, ndipo ndito toopsa koposa mitundu ina yonse. Mwa mwana wamng'ono, malungo wamba akhoza kusanduka malungo aakulu m'tsiku limodzi kapena awiri. Mau amenewa muwasunge, ndibwererako.

Tsopano za zimene boma, kudzera mu Unduna wa Zaumoyo, laika pafupi ndi inu. Coyamba ndi neti. Pa zaka 3 zilizonse pamakhala kugawa maneti m'dziko, neti imodzi kwa anthu awiri, ndipo mai wapakati ndi mwana wa kusikelo amalandiranso kukiliniki. Neti yatsopano muyambe mwaiyanika pamthunzi tsiku lathunthu musanagonemo, kuti isakuyabweni. Poicapa gwiritsani sopo wamba, osati wa ufa, ndipo iumire pamthunzi. Ikabooka, singano ndi ulusi zilipo. Ngati mumagona pamphasa, pindirani m'mphepete mwa neti pansi pa mphasa. Mankhwala amene ali pa netiyo amapha udzudzu ukaterapo, motero neti yanu imatetezanso mwana wa mnansi wanu.

Ndayenda m'midzi, ndaona maneti atazinga dimba la repu, ena atasanduka khola la anapiye, ena ali kumtsinje kugwira matemba. Ena akadali m'pepala lake m'sutikesi, akuti adikira alendo. Ndikumva kuti mu Okutobala ndi Novembala m'neti mumatentha, inenso ndimagona momwemo. Koma tiyeni tinene cilungamo: ngati maneti ndi ocepa pakhomo, kawirikawiri amene amagonamo ndi abambo ndi amai kucipinda, ana ali pabalaza popanda kanthu. Zikhale mosinthana. Oyamba kulowa m'neti ndi mwana wosafika zaka 5 ndi mai wapakati.

Caciwiri ndi kupopera mankhwala m'nyumba. Si mudzi uliwonse umene umapoperedwa caka ciliconse, koma kumene opopera afika, nchitoyi ndi yaulere ndipo imacitika mvula isanakhazikike. Udzudzu ukakhuta magazi umakapuma pacipupa, ndipo mankhwala amaupeza pamenepo. Tulutsani cakudya, madzi akumwa, ziwiya ndi zogonera. Khalani panja maola 2, kenaka tsegulani zitseko ndi mawindo mphepo ipite, sesani tizilombo takufa mukataye m'cimbudzi kuti nkhuku zisadye. Musazire kapena kupenta cipupa pambuyo pake, ngakhale Khirisimasi ikuyandikira, cifukwa mukatero mwakwirira mankhwala. Za nsikidzi ndazimva kambiri, akuti opopera ndiwo amazibweretsa. Iyai. Zinalimo kale m'ming'alu, mankhwala amangozitulutsa poyera. Ndipo mukakhoma nyumba n'kuthawira kumunda tsiku la opopera, mwasiyira udzudzu wa mudzi wonse nyumba yopumulamo.

Neti ndi kupopera zimacepetsa malungo kwambiri, koma sizitseka njira zonse. Timakhala pamaliro usiku wonse, timapita ku mapemphero ocezera, ana amaceza pabwalo mpaka mdima. Wina adzalumidwa ndithu. Ndiye pano ndafika pa cimene ndabwerera.

Zaka zapitazo, ndikugwira nchito pa kiliniki ina yakumudzi, tinalandira mwana wa zaka 3 m'mwezi wa Febuluwale. Anatentha thupi pa Mande madzulo. Pa Ciwiri banja linali ndi aganyu kumunda, tsiku lothira fataleza, ndiye anam'patsa Panado, thupi linazizira, n'kumusiya ndi mkulu wake. Pa Citatu anayamba kusanza. Mnansi anali ndi mapiritsi awiri a Coartem otsala, anam'patsa amenewo. Pa Cinai usiku mwana anayamba kugwedezeka n'kukomoka, ndipo mvula inali itagwa tsiku lonse, mtsinje utadzaza. Anadikira madzi aphwe. Anafika kwa ife pa Cisanu m'mawa, zikhatho zake zili mbuu, osayankha ngakhale kumuitana dzina. Tinamutumiza ku cipatala cacikulu, anakamuika magazi, ndipo mwamwai anapulumuka. Koma amai ake anakhala kucipatala masabata awiri, abambo akupalasa njinga uku ndi uku, mbuzi inagulitsidwa, ndipo munda uja anaopa kuusiya tsiku limodzi unalowa udzu.

Makolo amenewa sanali osasamala. Anali anthu olimbikira ngati inu, ndipo tsiku lililonse anacita cimene cinaoneka canzeru. Cimene cimandiwawa mpaka lero n'cakuti wodzipereka wa zaumoyo, wokhala ndi zoyezera ndi mankhwala m'cikwama, ankakhala mudzi woyandikana nawo, tsidya lomwelo la mtsinje. Sanadziwe kuti angapiteko.

Conco lamulo la pakhomo likhale ili: munthu akatentha thupi, makamaka mwana kapena mai wapakati, ayezedwe magazi maola 24 asanathe. Panado imangoziziritsa thupi, siipha kacilombo ngakhale kamodzi. Kuyeza n'kadontho ka magazi a pacala, ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 mpaka 20. Kukiliniki ya boma ndi kwa odzipereka ophunzitsidwa, kuyeza malungo ndi mankhwala ake n'zaulere. Munthu wina akakuuzani kuti mulipire, auzeni a komiti ya zaumoyo. Mukapeza kuti zoyezera kapena mankhwala zatha, musangobwerera kunyumba mwakacetecete. Funsani kumene mungapite, ndipo nenani kwa a komiti ndi anyakwawa kuti nkhani ikwere msanga.

Akapezeka ndi malungo, mankhwala ndi Coartem, kawiri pa tsiku kwa masiku 3, ndiye kuti kumwa ka 6. Kumwa kwaciwiri kumabwera patapita maola 8 kucokera pa koyamba, kenaka m'mawa ndi madzulo. Ciwerengero ca mapiritsi cimatengera kulemera kwa wodwala, n'cifukwa cake a mwana uyu sangakhale a mwana uyo. Mankhwalawa amalowa bwino m'thupi akatsagana ndi cakudya ca mafuta pang'ono. Phala la nsinjiro likwanira, ndipo wakhanda ayamwe. Akasanza atangomwa kumene, bwererani kwa amene anakupatsani. Tsiku laciwiri mwana amadzuka n'kuyamba kusewera, ndipo apa ndi pamene ambiri timasungira otsalawo "a tsiku lina". Tizilombo timakhala tisanathe. Timadzukanso, ndipo mapiritsi awiri otsala aja ndi amene ananamiza banja ndakuuzani lija.

Nanga zotsatira zikaonetsa kuti malungo palibe? Musakwiye ndi anesi kuti akukumanani mankhwala. Si kutentha thupi kulikonse kumene kuli malungo. Mwina ndi cibayo, mwina khutu, mwina matenda a m'mimba, ndipo zimenezo Coartem siiciza. Aloleni afufuze, ndipo mwana akapanda kusintha m'masiku 2, bwererani naye.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuca. Mwana akagwedezeka kapena kukomoka, akalephera kuyamwa kapena kumwa, akamasanza ciliconse, akafooka osatha kukhala tsonga, akamapuma movutikira, zikhatho ndi m'maso zikayera, kapena mkodzo ukada, nyamukani nthawi yomweyo. Ndikudziwa kuti mwana akagwedezeka, maganizo amathamangira kwa anthu, kuti pali dzanja la wina. Sindinabwere kudzatsutsana ndi agogo pa zimene amakhulupirira. Pempho langa n'lakuti muyambe kucipatala, cifukwa malungo akafika kumutu amaoneka momwemo, ndipo maola amene mungataye kwina sabwereranso. M'madera ena odzipereka ali ndi mankhwala a artesunate oika kunjira ya cimbudzi, a ana osafika zaka 6. Amenewo saciritsa, amangom'gulira mwana nthawi ya ulendo. Akaikidwa, ulendo wa kucipatala upitirire ngakhale ataoneka kuti watsitsimuka.

Abambo anzanga, apa ndilankhule ndi inu. M'makomo ambiri amai amaona msanga kuti mwana sali bwino, koma njinga ndi yanu, ndalama ili m'thumba lanu, ndipo mau omaliza ndi anu. Inu muli kumsika kapena kumunda wakutali, amai akudikira cilolezo. Cilolezoco cipatseni lero, pamaso pa apongozi, kuti mwana akatentha thupi anyamuke osafunsa munthu. Konzani njinga tsopano, ikani kandalama pambali mukagulitsa nkhuku, ndipo dziwani mnansi amene ali ndi njinga yamoto kapena ngolo. Anyakwawa, mudzi uliwonse upangane kuti mtsinje ukadzaza usiku, wodwala adutsira kuti ndipo anyamulidwa ndi ndani. Zimenezi zimapanganidwa kukadali kouma.

Amai apakati, malungo mwa inu ali ndi ukatswiri wobisala. Mukhoza kukhala nawo thupi osatentha, tizilombo titaunjikana pamalo pomwe mwana amalandirira cakudya m'mimba. Mapeto ake magazi amacepa, mwana amabadwa wocepa thupi kapena masiku asanakwane, mwinanso pakati pamacoka. Yambani sikelo mukangodziwa kuti muli ndi pakati, musadikire kuti mimba ioneke. Miyezi 3 yoyamba ikatha, mudzayamba kumwa Fansidar pamaso pa anesi, kamodzi pamwezi mpaka kubereka, ndipo kusacepere katatu. Amene mumamwa Septrin tsiku ndi tsiku, auzeni anesi, cifukwa awiriwa saphatikizana. Ngati mwezi wanu wobereka ukugwera mu Januwale kapena Febuluwale ndipo pakati pa inu ndi kiliniki pali mtsinje, pitani msanga kunyumba yodikirirako. A SMAG ali pano kuti akuthandizeni pa zimenezi.

Mvula imabweranso ndi zina, ndingozikhudza pang'ono. Maenje a njerwa aja, kuwonjezera pa kuswa udzudzu, amamiza ana aang'ono. Akwirireni sabata lino dothi lisanalemere. Ana a sukulu asaoloke mtsinje wothamanga, kujomba tsiku limodzi si mlandu. Ndipo simunaiwale kolera ya mu Januwale 2024, pamene bwalo la Heroes ku Lusaka linasanduka cipatala. Madzi akumwa muziwiritsa kapena kuthira klorini, cimbudzi cikhale ndi civundikiro, ndipo munthu akatsegula m'mimba mwamadzimadzi ayambe kumwa ORS ali pa ulendo wa kukiliniki.

Mwezi uno kulinso sabata la umoyo wa ana. Bwerani ndi makadi a kusikelo, ana alandire vitamini A, mankhwala a njoka za m'mimba ndi katemera amene anatsalira. Amene neti yanu yang'ambika kosasokeka, lembetsani kwa a komiti tisanabalalike.

Tsopano ndipempha odzipereka athu onse a zaumoyo aimirire. Aliyense anene dzina lake, mudzi umene amakhala, ndi nyumba yake kuti ili pafupi ndi ciani, kuti woifuna usiku asasocere. Anyakwawa, ngati pali mudzi umene sunamve dzina la munthu wa tsidya lake la mtsinje, kwezani dzanja ndilembe.