Kodi Nsomba Ingapoletse Cilonda?

Nyengo ya cisanu ikafika, m'miezi ya June ndi July, anthu a ku Kasenengwa ndi midzi yozungulira Chipata amagona pafupi ndi moto, ndipo m'makomboni a ku migodi mbaula zimayaka usiku wonse. Nthawi imeneyi ana ambiri amapsa, ena ndi makala, ena ndi phala kapena madzi owira. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linawerengera kuti anthu okwana 180,000 amafa caka ciri conse cifukwa ca kupsa, ndipo ocuruka a iwo ali m'maiko osauka. Tsono mbiri yakuti akatswiri akupanga mankhwala a zilonda kucokera ku nsomba iyenera kumveka bwino, pakuti woimva mwa theka angavulaze mwana wace.

Poyamba nkofunika kudziwa m'mene cilonda cimapolera. Khungu likang'ambika, magazi amaundana natseka bala. Pambuyo pace thupi limatumiza asilikari ace kukapha tizirombo, ndipo cifukwa ca ici bala limatupa ndi kutentha. Kenaka thupi limaluka mnofu watsopano ndi timaulusi tochedwa kolajeni, ndipo khungu limakwawa kucokera m'mbali kufikira litakumana pakati. Cilonda cikacedwa kupola, kupitirira masabata 2 kapena 3, timaulusi tija timalukidwa mopingasa, ndipo pamatsala cipsera cotukuka ndi colimba. Cipsera cotere cikakhala pa cigongono kapena pa zala, cimakoka mnofu, kotero kuti mwamuna alephera kugwira fosholo, mkazi alephera kugwira khasu. M'caka ca 1962 katswiri wa ku England, George Winter, anasonyeza poyesa pa nkhumba kuti bala lophimbidwa, lokhala ndi cinyezi, limapola msanga kuposa louma ndi mphepo.

Nzeru yofuna mankhwala m'nsomba si yatsopano. M'caka ca 1934 dotolo wa ku Germany, Wilhelm Löhr, analemba za kupaka mafuta a ciwindi ca nsomba ya cod pa zilonda. Masiku ano maso a akatswiri ali pa mazira. Dzira la nsomba, ngakhale liri laling'ono, limasunga cakudya conse cimene kamwana ka nsomba kamafuna pomanga thupi lace: zomanga mnofu, mafuta abwino ndi mavitamini. Ku Norway, dziko loweta nsomba za salmon zambiri koposa maiko onse, kampani ya Regenics ya mu mzinda wa Oslo inapeza njira yotengera madzi a m'mazira a salmon, niwayeretsa ndi kuwayesa pa khungu, pofuna kuona ngati angafulumize kupola kwa bala. Nchito imeneyi ndi ya m'nyumba zopimira, yocitika mwa ukhondo waukuru. Si kutenga mazira a m'mimba mwa nsomba ya pa msika ndi kuwapaka pa bala ai.

Cimene cathandiza kale odwala ambiri ndico cikopa ca nsomba. Ku Brazil, mu mzinda wa Fortaleza, dotolo Edmar Maciel ndi anzace anayamba m'caka ca 2015 kufufuza cikopa ca tilapia, mbale wace wa cambo ca m'Nyanja ya Malawi, nsomba yomwe imawetedwanso m'Nyanja ya Kariba ku Siavonga. Anapeza kuti cikopaco ciri ndi kolajeni wambiri, ndiponso cimasunga cinyezi. Amacitsuka ndi mankhwala, nacipha tizirombo tonse ndi ceza camphamvu, nacitsekera m'mapaketi. Cikaikidwa pa munthu wakupsa, cimamatirira pa bala masiku angapo osasinthidwa, motero wodwala amapulumuka ululu wa kumatula nsaru tsiku ndi tsiku. Ku Iceland kampani ya Kerecis imakonza cikopa ca cod, ndipo boma la America linaloleza kuti cigwiritsidwe nchito pa zilonda m'caka ca 2013.

Apa ndipo pali cenjezo. Nsomba yaiwisi, mamba ace ndi mazira ace ziri ndi tizirombo tambiri. Khungu ndilo mpanda wa thupi, ndipo munthu akapsa mpandawo wagwa. Woika pa balapo mazira a nsomba kapena a nkhuku, ndowe, phulusa, mwaye, mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano, watsegulira mdani cipata. Bala limacita mafinya, poizoni amalowa m'magazi, ndipo nthenda ya kafumbata, imene imaumitsa nsagwada, imabwera ndi dothi ndi ndowe. Wamalonda akadza ndi kabotolo nanena kuti muli mankhwala a mazira a nsomba ocotsa zipsera, munthu wanzeru ayambe wafunsa ku cipatala asanaturutse ndarama zace. Akuru anati safunsa anadya phula.

Nanga mai acite ciani mwana akapsa? Amcotse pa moto, nathire madzi oyera ozizira pa balapo kwa mphindi 20, koma thupi lonse la mwanayo alifunditse kuti asazizidwe. Acotse mikanda ndi zibangiri ciwalo cisanatupe, koma nsaru yomatirira pa bala asaimatule. Matuza asawaboole. Aphimbe bala ndi nsaru yoyera, yocapa bwino. Bala likaposa cikhatho ca mwanayo, kapena likakhala kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche kapena polumikizana mafupa, apite naye tsiku lomwelo ku cipatala ca pafupi, kumene anamwino adzaona ngati ayenera kumtumiza ku cipatala cacikuru ca Chipata. Wa ku mgodi nayenso, akapsa kapena akatemeka pa nchito, asabise bala poopa kutaya tsiku, pakuti bala lobisika lingamtayitse mwezi wathunthu.

Nsomba ya m'dziwe ingathandize wodwala ngakhale lero lomwe, koma podzera m'mbale. Thupi lopoletsa bala limafuna cakudya comanga mnofu, monga nsomba, kapenta, nyemba, nsawa ndi mazira. Motero nsomba aiphike, wodwala adye, ndipo bala alisiyire madzi oyera, nsaru yoyera ndi manja a dotolo.