ALONDA A MTSINJE WA KAFUE

Mtsinje wa Kafue uyambira kumpoto, pafupi ndi malire a dziko la Congo, ndipo uyenda mtunda woposa makilomita 1,500 usanakathire m'Zambezi. Anthu a ku Chingola ndi a ku Kitwe amwa madzi ace. Alimi a nzimbe a ku Mazabuka athirira nao minda, ndipo ngakhale ku Lusaka mbali ina ya madzi a m'mipopi icokera mu mtsinje womwewo. Cotero munthu wodetsa Kafue ku Copperbelt adetsa mitsuko ya anthu ambiri amene sanawaonepo ndi maso.

Anchito a m'migodi adziwa bwino kumene litsiro loopsa licokera. Mwala wa mkuwa ukatuluka pansi uperedwa kufikira usanduka ufa, koma mkuwa wopezeka m'menemo ndi wocepa, ndipo cotsala ndi matope ambirimbiri. Pa migodi ina asanganizako asidi kuti mkuwa usungunuke. Matope amenewa ayenda m'mapaipi ndi kusungidwa m'madamu akuru. Paipi ikaphulika, kapena cipupa ca damu cikagumuka, zonsezo zitsikira kumunsi, ndipo kumunsi kuli mtsinje.

Alipo ena amene anena kuti walira mvula walira matope, ndiye kuti wofuna malipiro a mgodi alandirenso madzi oipa osadandaula. Anthu a ku Chingola sanabvomere mau amenewa. Iwo anati matope ali ndi mwini wace, ndipo mwiniyo ndiye ayenera kuwasunga.

Mlandu woyamba

M'mwezi wa November 2006 madzi a asidi ocokera ku nchito za kampani ya Konkola Copper Mines analowa mu mtsinje wa Mushishima, napitirira mpaka m'Kafue. Madzi anasintha maonekedwe, nsomba zinafa, ndipo anthu amene anamwa anadwala m'mimba. Pamenepo a James Nyasulu anasonkhanitsa anzao 2,000, nakasuma ku bwalo la High Court. Mlandu unatenga zaka, koma mu 2011 woweruza, a Phillip Musonda, anapeza kampani ili yocimwa, nalamula kuti ilipire K10 biliyoni za ndalama zakale.

Kampani inacita apilo ku Supreme Court. Mu 2015 bwalo lalikurulo linabvomereza kuti kampani inadetsadi madzi, koma linafafaniza malipiro aja, nkulamula kuti awerengedwenso. Cifukwa cace ndi ici: pa anthu 2,000 osuma, makalata a cipatala amene anaperekedwa ku bwalo anali 12 okha. Ambiri anadwaladi, koma analibe pepala loonetsa tsiku limene anadwala ndi cimene dotolo anapeza. Bwalo la milandu silitha kuyesa ululu umene sunalembedwe. Phunziro limeneli linagulidwa ndi mtengo waukuru, ndipo liyenera kukumbukika m'komboni iri yonse.

Mlandu waciwiri

M'midzi ya Shimulala, Kakosa, Hippo Pool ndi Hellen, pafupi ndi mgodi wa Nchanga, anthu anapitiriza kudandaula kuti zitsime zao zaonongeka ndi kuti minda yao yaleka kubala. A Chilekwa Mumba, amene anakulira ku Chingola, analembera makalata akatswiri a malamulo ambiri kufikira a Leigh Day a ku London anabvomera kugwira mlanduwo. Nchito yotsatira inali yotopetsa: kuyenda mudzi ndi mudzi, kucititsa misonkhano, kufotokozera anthu m'cinenero cao tanthauzo la mapepala a mlandu, ndi kutunga madzi kuti akapimidwe.

Mu 2015 anthu 1,826 anasumira kampani ya Vedanta Resources, imene inali mwini wa gawo lalikuru la Konkola Copper Mines, ku bwalo la ku England. Kampani inatsutsa kuti mlandu wa ku Zambia suyenera kuweruzidwa kumeneko. Mkangano umenewu wokha unatenga zaka zinai, mpaka pa 10 April 2019 Supreme Court ya ku Britain inagamula kuti mlandu ukhoza kumveka ku England. Mu January 2021 kampani inagwirizana ndi osumawo, amene tsopano anaposa 2,500, kuti iwalipire, ngakhale sinabvomere kucimwa. Mu 2023 a Mumba analandira mphotho ya Goldman cifukwa ca nchito imeneyi.

Mlimi mmodzi wa ku Shimulala sakadafika ku London yekha. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Cimene cinawafikitsa ndi kugwirizana kwa midzi inai, kupirira kwa zaka zisanu ndi cimodzi, ndi umboni wosungidwa bwino.

Ngozi siinathe

Pa 18 February 2025 damu la matope la kampani ya Sino-Metals Leach Zambia linagumuka ku Chambishi. Ciwerengero coyamba cinanena kuti malita 50 miliyoni a madzi a asidi analowa mu mtsinje wa Mwambashi, umene uthira m'Kafue. Nsomba zinayandama zakufa, cimanga ndi nshawa za m'mphepete mwa mtsinje zinapsa, ndipo mipopi ya mzinda wa Kitwe inatsekedwa kwa kanthawi. Boma linatumiza ndege za asilikari kukathira laimu m'madzi kuti mphamvu ya asidi icepe.

Zoyenera kucita

Boma lili ndi bungwe la ZEMA, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, limene nchito yace ndi kuyang'anira zodetsa madzi, mpweya ndi nthaka. Koma oyang'anira sangagone pa dooko liri lonse. Woyamba kuona madzi atasintha ndi mai wopita kukatunga m'mamawa, msodzi, kapena mnyamata womwetsa ng'ombe. Cifukwa cace mudzi uli wonse ndi komboni iri yonse ya pafupi ndi mtsinje icita bwino kusankha kabungwe ka anthu okhulupirika, amuna ndi akazi, ndi kugula buku limodzi.

M'bukumo alembe tsiku, nthawi, malo, maonekedwe a madzi ndi pfungo lace. Amene ali ndi foni ajambule. Alembenso maina a mabanja, minda imene yapsa ndi ziweto zimene zafa. Wodwala ali yense apite ku cipatala tsiku lomwelo, ndipo pepala lace alisunge monga asunga citupa. Nkhani ipite msanga kwa nyakwawa kapena khansala, ku kampani ya madzi ndi ku ZEMA, ndipo ipite m'kalata, kabungwe katasungako ina yofanana nayo. Munthu asasaine pepala la malipiro asanalimve lonse, ndiponso asanafunse wodziwa malamulo.

Amai a panyumba adziwenso ici: kuwiritsa madzi ndi kuthira klorini kupha tizirombo ta matenda monga kolera, koma sikucotsa asidi kapena zitsulo za mgodi. Madzi otere asamwedwe konse, ndipo nsomba zotoledwa zakufa zisadyedwe kapena kugulitsidwa pa msika.

Wanchito wa pa mgodi ali ndi gawo limene wina ali yense alibe. Iye ndiye aona paipi yokha, kapena mng'alu pa cipupa ca damu, masiku ambiri ngozi isanagwe. Akauza kapitao wace ndi atsogoleri a yuniyoni, saukira mgodi umene umdyetsa; ateteza ana ace, pakuti akaweruka amwa madzi omwewo.

Ndiponso si migodi yokha imene idetsa madzi. Cimbudzi cokumbidwa pafupi ndi citsime, zinyalala zotayidwa m'ngalande, ndi mitengo yodulidwa pa magwero a timitsinje, zonsezi zili m'manja mwa anthu eni ace. Kolera amene anapha anthu ambiri ku Lusaka mu 2017 ndi 2018, ndiponso mu 2023 ndi 2024, anafala kwambiri m'makomboni a zitsime zosazama. Kabungwe kamene kayang'ana damu la mgodi kayang'anenso kuseri kwa nyumba za mamembala ace.

Mkuwa ndi cuma ca Zambia, ndipo palibe wofuna kuti migodi itsekedwe. Koma mgodi uli wonse uli ndi tsiku lace lotha, pamene ana ndi adzukulu adzafunabe madzi a Kafue. Awo amene akhala m'mbali mwace ndiwo alonda ace, ndipo nchito yao iyamba ndi msonkhano umodzi ndi buku limodzi.