Dontho la Madzi a m'Bondo

Lero phunziro lathu la zaumoyo likukhudza mfundo za mafupa athu ndi ntchito ya anthu a m'labotale ya kuchipatala. Tisanayambe, aliyense aongole mwendo wake, kenaka aupinde. Chitaninso kachiwiri. Kodi mwamva mafupa akukwechesana? Iyayi. Bondo lanu lapindika mwakachetechete ndiponso mosavuta. Tiyeni tione chimene chimachititsa zimenezi.

Inu a ku Chipata mumaidziwa bwino njinga. Mwini njinga wanzeru amathira mafuta pa tcheni ndi m'malo onse ozungulira kuti zitsulo zisadyane. Thupi lathunso lili ndi mafuta akeake. Pamene mafupa awiri akumana, monga pa bondo, pa chigongono kapena pa chala, nsonga zake zimakutidwa ndi fupa lofewa, loyera ndi loterera, longa lija mumaliona pa nsonga ya fupa la nkhuku. Mfundo yonseyo ndi yokulungidwa m'kathumba, ndipo m'kathumbamo muli timadzi tonanda ngati therere. Timadziti timaterereza mafupa ndi kudyetsa fupa lofewalo. M'bondo la munthu wamkulu wathanzi timadziti sitidzaza ngakhale kasupuni ka tiyi. N'toyera mooneka chikasu pang'ono, ndipo dontho lake limatanuka ngati ulusi lisanaduke.

Tsono tiyerekeze kuti m'mawa wina pa chipatala chachikulu cha Chipata pafika anthu atatu. Woyamba ndi gogo wa ku Mtenguleni amene wakhala akulima ndi kusenza nkhuni moyo wake wonse. Wachiwiri ndi bambo wa ku Kapata amene wadzuka usiku ndi ululu woopsa. Wachitatu ndi mnyamata wa Giredi 5, wausinkhu wanu, amene akukana kuponda pansi ndipo thupi lake latentha. Onse atatu ali ndi bondo lotupa. Kumudzi anthu angati onsewa akudwala nyamakazi. Komatu nyamakazi ndi dzina limodzi la matenda ambiri, ndipo mankhwala othandiza mmodzi sangathandize mnzake. Pongoona kunja, ngakhale dokotala wodziwa akhoza kukayika. Yankho lili m'timadzi tija.

Dokotala amayamba wapukuta khungu ndi mankhwala opha tizilombo. Kenaka amalowetsa singano yatsopano m'mbali mwa bondo ndi kukoka madziwo. Ntchitoyi ndi ya mphindi zochepa, ndipo kawirikawiri wodwala amamva kupepukidwa madziwo akachepa. Madziwo amawaika m'timabotolo, kulembapo dzina la wodwala, ndi kuwatumiza msanga ku labotale.

Wa m'labotale amayamba ndi maso ake. Amaona ngati madziwo ali oyera, ambuu, ofiira ndi magazi kapena onga mafinya. Akatero amaika dontho limodzi pa kagalasi ndi kulipenya pa maikulosikopu, chipangizo chimene chimakuza tinthu tosaoneka ndi maso, mwina kokwana 400, mwina kokwana 1,000. Pamenepo iye amafunafuna zinthu zitatu.

Choyamba, amawerenga maselo oyera a m'magazi, amene ndi asilikali a thupi lathu. Amawerengera m'kadontho kochepa ngati mutu wa phini. M'madzi a mfundo yabwino maselowa safika 200. Mfundo ikangotha chifukwa cha ukalamba ndi ntchito, amachulukirapo koma sapitirira 2,000. Akapitirira pamenepo, ndiye kuti m'mfundomo muli kutupa kwa matenda. Akapyola 50,000, dokotala amaganizira msanga za tizilombo, pakuti asilikali sasonkhana chotero popanda mdani.

Chachiwiri, amafunafuna timiyala. M'magazi mwathu muli chinthu chotchedwa uric acid, chimene impso zimachitaya m'mkodzo. Chikachuluka, chimaundana m'mfundo n'kukhala timiyala tosongoka ngati singano. Matenda amenewa dzina lake ndi gauti. Amakonda kuyambira pa chala chachikulu cha kuphazi, koma amagwiranso bondo ndi akakolo. Pali timiyala tinanso ta mtundu wa calcium, tooneka ngati tinjerwa topendekeka, timene timavutitsa makamaka okalamba.

Chachitatu, amafunafuna tizilombo totchedwa mabakiteriya. Popeza n'tosaoneka bwino, amatipaka utoto. Njira imeneyi inatulukiridwa ndi dokotala wa ku Denmark, Hans Christian Gram, m'chaka cha 1884, ndipo ikugwirabe ntchito mpaka lero. Mabakiteriya ena amasanduka abuluu modera, ena ofiirira. Amene amalowa m'mfundo kawirikawiri ndi otchedwa Staphylococcus aureus, ndipo pa maikulosikopu amaoneka ngati timipira tounjikana. Nthawi zina tizilombo timakhalamo koma osaoneka pa kagalasi. N'chifukwa chake madzi ena amawadzala m'kambale ka chakudya cha tizilombo ndi kudikira masiku awiri kapena atatu kuti tichuluke. Kachilombo ka chifuwa chachikulu nakonso kamatha kulowa m'bondo, m'chiuno kapena m'msana, ndipo kali ndi njira zake zokapimira.

Nzeru zimenezi sizinabwere tsiku limodzi. M'chaka cha 1679 Antonie van Leeuwenhoek, wogulitsa nsalu wa mu mzinda wa Delft ku Holland, amene ankadzipangira yekha timagalasi tokuzira zinthu, anaona timiyala tosongoka tochokera pa chotupa cha munthu wodwala gauti. Iye sanadziwe kuti tinali tachiyani. Mu 1848 dokotala wa ku London, Alfred Garrod, anasonyeza kuti magazi a odwala gauti ali ndi uric acid wambiri. Ndipo mu 1961 madokotala awiri a ku America, Daniel McCarty ndi Joseph Hollander, anapeza timiyalato m'madzi enieni a m'mfundo, pogwiritsa ntchito maikulosikopu ya kuwala kosefedwa mwapadera. M'kuwala kumeneko timiyala ta gauti timanyezimira: tikagona mbali ina timaoneka tachikasu, tikatembenuzidwa timaoneka tabuluu. Werengani nokha zaka zimene zinapitapo kuchokera mu 1679 kufika mu 1961.

Tiyeni tibwerere kwa odwala athu atatu. Madzi a gogo uja ndi oyera ndi onanda, maselo ndi ochepa, timiyala mulibe, tizilombo mulibe. Bondo lake langotha ngati khasu lakale. Iye adzalandira mankhwala ochepetsa ululu, adzaphunzitsidwa kulimbitsa minofu ya ntchafu, ndipo adzukulu ayenera kumulandira katundu wolemera. Madzi a bambo uja ndi ambuu, ndipo muli timiyala tonga singano. Iye ali ndi gauti. Adzalandira mankhwala oziziritsa kutupa, mwinanso ena ochepetsa uric acid, ndipo adzalangizidwa kusiya mowa, kuchepetsa nyama ya m'kati monga chiwindi ndi impso, ndi kumwa madzi ambiri.

Madzi a mnyamata uja ndi onga mafinya, maselo oyera ndi ochuluka zedi, ndipo timipira tounjikana tikuoneka. Uyu ndiye ali pa ngozi. Mabakiteriya angathe kuwononga fupa lofewa lija m'masiku ochepa chabe, ndipo likawonongeka silimeranso monga kale. Mwanayo akhoza kutsala ndi mwendo wouma moyo wake wonse, ndipo tizilombo tikafalikira m'magazi, akhoza kufa. Motero dokotala sadikira kuti masiku atatu aja athe. Amamugoneka m'chipatala tsiku lomwelo, amatsuka mafinya m'bondo, ndi kuyamba kumubaya mankhwala opha mabakiteriya kudzera m'mitsempha. Mwana wofika msanga kawirikawiri amachira n'kubwerera ku bwalo la mpira.

Tsono ana inu, gwirani mfundo iyi. Mukaona mnzanu, mng'ono wanu kapena inu nomwe muli ndi mfundo yotupa, yotentha, yopweteka kwambiri poipinda, ndiponso thupi latentha, uzani makolo kapena aphunzitsi tsiku lomwelo. Musaitemere mphini, musaiboole ndi minga kapena singano, pakuti bala lililonse ndi khomo la tizilombo. Musamwe mapiritsi otsala a munthu wina. Pitani ku chipatala chaching'ono chapafupi. Ngati mpofunika, a kumeneko adzakutumizani ku chipatala chachikulu monga cha Chipata, cha Mwami kapena cha St Francis ku Katete. Ndipo inu aphunzitsi, mwana wotsimphina mwadzidzidzi musamuyese waulesi wothawa masewero. Samalani makamaka ana a matenda a sickle cell, pakuti mafupa ndi mfundo zawo zimagwidwa msanga ndi tizilombo.

Phunziro likatha, yesani ntchito iyi. Sungunulani mchere wambiri m'madzi ochepa ofunda. Dontheza dontho limodzi pa kagalasi kapena pa mbale yakuda, muliike padzuwa mpaka liume. Penyani zotsalazo ndi galasi lokuzira zinthu ngati lilipo pa sukulu panu, ndipo mujambule zimene mwaona m'makope mwanu. Mudzaona timibulu ta mbali zinayi zofanana. Madzi ankaoneka oyera, koma munali chinthu chobisika, ndipo maonekedwe a timibuluto ndiwo akuuzani kuti ndi mchere. Umo ndi momwenso wa m'labotale amazindikirira timiyala ta m'mfundo.

Kenaka muyankhe mafunso awa pamodzi ndi aphunzitsi anu. Kodi madzi a m'mfundo amagwira ntchito yanji? Tchulani zinthu zitatu zimene wa m'labotale amafunafuna pa maikulosikopu. N'chifukwa chiyani mnyamata uja anagonekedwa m'chipatala, pamene gogo ndi bambo aja anabwerera kunyumba?

Tidzakumananso m'phunziro lotsatira. Tsalani bwino, ana ndi aphunzitsi nonse.