Wosewera Wachinyamata Samuyesa ndi Chaka Chimodzi

Alimi a kwa Makhuwira amadziŵa kuti thonje saliyesa tsiku lomera. Aphunzitsi a masewera nawonso ayenera kudekha chimodzimodzi.

M'chaka cha 2016 timu ya basketball ya Toronto Raptors inatenga mnyamata wa ku Cameroon, Pascal Siakam. Chaka choyamba ankagoletsa mapointi pafupifupi 4 pa masewero alionse, kotero anamtumiza ku timu yaing'ono kukaphunzira. Akuluakulu sanamtaye, poona liŵiro lake ndi khama lake potchinga adani. Chaka chachitatu mapointi anayandikira 17, ndipo mu 2019 timuyo inatenga chikho cha NBA.

Choncho mphunzitsi wa kuno ku Chikwawa asafulumire kubweza mwana wophonya mpira. Ayambe waona ngati mwanayo abweranso maŵa.