Ulendo woyamba wautali pa njinga

 Ndabweranso ine mnzanu wa zaumoyo. Lero nkhani yathu ndi ya njinga.

Ndikudziwa wina waseka kale kuti njinga yalowa liti m'gulu la matenda. Dekhani. Mpunga ukakololedwa, nandolo akauma, matemba akayanikidwa, makomo ambiri amatuma mnyamata kapena mtsikana kukagulitsa kutali kumene mtengo uli bwinoko. Mwanayo njinga amaidziwa, inde, koma amangopalasa kupita kuchigayo, kumunda ndi kudooko. Tsiku lina m'mawa auzidwa kuti tenga thumba ili upite ku Cuamba. Njanji yochoka ku Entre Lagos kukafika ku Cuamba ndi makilomita 77. Pa msewu wafumbi, njinga italemedwa, munthu wosazolowera akamatha makilomita 10 pa ola ndiye kuti akuyesetsa. Werengani nokha: amenewo ndi maola pafupifupi 8 akupalasa, osawerengera kupuma, kukankha pamchenga ndi kumata chubu. Ntchito imeneyi iposa kulima tsiku lathunthu, koma timatuma mwana ngati tikumutuma kukapala moto kwa oyandikana nawo.

Choyamba ndinene kwa inu makolo. Ulendo wotere sauyamba tsiku lonyamuka. Kukatsala masabata awiri, mulekeni mwanayo azipalasa mtunda wokulirapo pang'onopang'ono: lero ola limodzi, mkuja maola awiri, kenako atatu atamanga katundu pa keliyala. Miyendo imazolowera, matako amazolowera, nayenso amadziwa pamene mphamvu zake zimathera. Ndipo ulendo woyamba asapite yekha. Mupezereni wamkulu wodziwa njira, wodziwa pamene pali mjigo ndi pamene pali okonza njinga. Katundu wa ulendo woyamba akhale wocheperapo kusiyana ndi amene anzake ozolowera amanyamula. Phindu lichepa, ndikudziwa, koma mwanayo abwera akuyenda yekha.

Tsopano nkhani ya madzi, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa chimene chimagwetsa anthu ambiri panjira ndi chimenechi.

Munthu akamapalasa padzuwa la Okutobala kapena Novembala, thukuta lokha likhoza kumuchotsera madzi okwana lita imodzi pa ola. Choipa chake n'choti pa njinga mphepo imaumitsa thukuta msanga, ndiye munthu sazindikira kuti akutha madzi. Amangoona malaya ayera mchere kumsana. Ludzu limabwera mochedwa, thupi litayamba kale kuuma. Choncho musadikire ludzu. Imwani pang'onopang'ono, pafupipafupi, makamwa awiri atatu, n'kupitiriza ulendo. Kumwa kachigubu konse nthawi imodzi mimba imalemera, mwinanso n'kusanza.

Mudziwa bwanji ngati mukumwa mokwanira? Yang'anani mkodzo. Musachite manyazi, mkodzo ndi kalata yochokera m'thupi. Ukakhala woyererako, zili bwino. Ukakhala wochepa, wachikasu kwambiri ndi wonunkha, madzi achepa. Ngati mwapalasa kuyambira m'mbandakucha mpaka masana osataya madzi n'kamodzi komwe, imani pamthunzi, imwani, musapitirire mpaka mutakodza.

Nyamulani madzi osachepera malita atatu, m'zigubu zotsuka bwino, ndipo mudziwiretu kumene mukadzazenso. Kulungani chigubu ndi chiguduli chonyowa, madzi sachedwa kuzizira ndi mphepo ya panjira. Madziwo akhale owiritsa kapena othira mankhwala, Certeza wa kuno kapena WaterGuard wa kutsidya, monga mwalembedwa pa botolo, ndipo mudikire mphindi 30 musanamwe. Ludzu likakula munthu amamwa paliponse, m'chithaphwi, m'dambo, m'chitsime chosavindikira. Tonse tikukumbuka kolera wa 2022 ndi 2023. Ku Malawi anayambira m'boma la Machinga, pakhomo pathu penipeni, ndipo Niassa nayenso sanamusiye. Munthu akhoza kumwa madzi oipa panjira lero, matenda n'kudzamugwira kunyumba mawa kapena mkuja, n'kupatsira banja lonse.

Thukuta silichotsa madzi okha, limachotsanso mchere. N'chifukwa chake ena amamwa madzi ambiri koma minofu ya m'miyendo n'kumakokana, mutu n'kumawawabe. Tengani kapaketi ka mankhwala obwezera madzi m'thupi, aja timati SRO kuno, a kutsidya amati Thanzi. Kapaketi kamodzi musungunule mu lita imodzi ya madzi abwino. Pemphani kwa APE wa m'mudzi mwanu kapena ku chipatala. Kakasowa, pangani nokha, ndipo mvetserani bwino muyeso wake: lita imodzi ya madzi abwino, masupuni aang'ono a tiyi 6 a shuga, osasefukira, ndi theka la kasupuni komweko la mchere. Ndibwereze: shuga 6, mchere theka. Mukalawa asawawe mchere kuposa misozi. Mchere ukachuluka umavulaza m'malo mothandiza. Thobwa nalonso ndi labwino panjira, chifukwa lili ndi madzi ndi chakudya pamodzi, bola likhale la tsiku lomwelo, lisanasase.

Za kachasu ndi kabanga ndinene mosabisa. Pali achikulire ena amene amauza achinyamata kuti kakapu kamodzi kamachotsa kutopa. Mowa umakodzetsa, ndiye madzi aja mukuwasowa kale amathanso kutuluka. Umachedwetsanso dzanja kugwira buleki. Chinanso ndi mapiritsi aja timagula pamsika, indosidi ndi bulufeni, amene ena amameza asananyamuke kuti thupi lisapweteke. Mapiritsi amenewa akapeza thupi louma amavulaza impso, ndipo m'mimba mopanda kanthu amayambitsa zilonda. Impso sizilira ngati dzino. Munthu amadzazindikira zitawonongeka kale.

Nthawi yonyamuka ndi mankhwala paokha. Nyamukani kukungoyera, mutadya. Phala, mbatata, chinangwa chophika, ngakhale mkute wa dzulo wotenthetsa bwino. M'thumba ikani nthochi, mtedza wokazinga, chimanga chokazinga, muzidya pang'ono pa maola awiri aliwonse. Munthu wopalasa ndi njala amafika poti miyendo yangolefuka mwadzidzidzi, manja akunjenjemera, maso achita mdima. Kuyambira cha m'ma 11 koloko mpaka 3 koloko, m'miyezi yotentha, pezani mtengo wa mango mukhale pansi. Anzanu akakupitirirani, asiyeni apite. Valani chipewa ndi malaya owala a manja aatali.

Pali kutopa kwa masiku onse, ndiye pali kwina kumene kumapha. Mnzanu akayamba kudandaula mutu, chizungulire, nseru, thukuta lili chuchuchu, mutsitseni pa njinga, mugonekeni pamthunzi, miyendo ikwezeke pang'ono, mumasuleni zovala, azimwa SRO pang'onopang'ono. Akapeza bwino asafulumire kukweranso. Koma mukaona kuti wayamba kulankhula zosamveka, sakukuzindikirani, akudzandira ngati woledzera chonsecho sanamwe, thupi latentha ngati mbaula, kapena wakomoka, dziwani kuti dzuwa lamupweteka mpaka mu ubongo. Apa musataye nthawi kufunsana kuti walodzedwa ndi yani. Muthireni madzi thupi lonse, makamaka m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, mukupizeni ndi chitenje kapena katoni, wina athamange kukaimitsa njinga yamoto kapena galimoto yopita naye kuchipatala chapafupi. Pitirizani kumunyowetsa ali m'njira. Munthu wokomoka musamumwetse kanthu, angatsamwe. Mugonekeni cham'mbali.

Njinga nayo iyang'aneni dzulo lake, kukali kowala: mabuleki onse awiri, tcheni, masipoko, mphweya m'matayala. Pampu, zigamba, guluu ndi sipanala zisatsale. Chishalo chikhale pa msinkhu wanu. Mukakhala pa chishalo n'kuponda pedulo ili pansi ndi chidendene, mwendo uwongoke. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa mawondo, chokwera kwambiri chimasupula pakati pa ntchafu. Ambiri amabwereka njinga ya bambo kapena ya malume n'kuopa kuigwira. Pemphani, musinthe, mukabwera mudzabwezeretse.

Pamenepa ndiyankhe funso limene anyamata amandifunsa monong'ona. Akuti akapalasa nthawi yaitali kumaliseche kumachita dzanzi, kodi sadzalephera kubereka? Dzanzilo limabwera chifukwa chishalo chikupanikiza mitsempha. Weramitsani mphuno ya chishalo pang'ono kuti isaloze kumwamba, muziimirira pa mapedulo nthawi ndi nthawi, muzitsika kuyendako pansi, lidzatha. Likakhala masiku angapo osatha, bwerani kuchipatala. Ena amanenanso kuti njinga ndiyo imabweretsa phudzi. Phudzi limene timaliona m'madera ngati athu nthawi zambiri limachokera ku tinyongolotsi tofalitsidwa ndi udzudzu, ndipo kuchipatala amachita opaleshoni munthu n'kuchira. Amene ali nalo asabisale. Ndipo atsikana, njinga siiwononga chiberekero. Mangani chitenje bwino chisakodwe mu tcheni, kapena valani buluku mkati.

Alipo amene sayenera kunyamuka konse. Ngati thupi likutentha, kayezetseni malungo kaye, ndipo mukapatsidwa Coartem mumalize masiku onse atatu, mphamvu zibwerere, ulendo pambuyo. Ngati mukutsegula m'mimba, khalani pakhomo. Amene mumamva kupweteka pachifuwa kapena kubanika mukakwera kamtunda, amene muli ndi khunyu, shuga kapena kuthamanga kwa magazi, funsani kaye anamwino. Inu amene mumamwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu, ulendo mukhoza kupita, koma nyamulani mankhwala a masiku oposa amene mukuganiza kuti mukakhala, pamodzi ndi khadi lanu, mu pulasitiki. Njinga ikathyoka, ulendo wa masiku awiri umasanduka wa masiku anayi.

Mwana amene sanayendepo mtunda wautali asapatsidwe wodwala kuti amunyamule, pokhapokha palibiretu wina. Ndipo amayi oyembekezera amene muli kutali ndi chipatala, musadikire matenda ayambe kuti mukwere keliyala usiku pa mabampu. Mwezi ukayandikira, pitani kukadikirira ku nyumba ya chidikiro ya pa chipatala. Mukanyamula kamwana kumbuyo, mapazi ake asalendewere pafupi ndi masipoko. Chidendene cha mwana chikalowa mu wilo, bala lake limatenga nthawi yaitali kupola.

Pamsewu yendani kumanzere. Kuno ku Mozambique ndi kutsidya ku Malawi lamulo ndi limodzi pamenepa. Galimoto ikamabwera ndi fumbi, patukani muime. Powoloka njanji tsikani, muyang'ane uku ndi uku. Sitima za malasha zochokera ku Moatize kupita ku Nacala ndi zazitali ndiponso zolemera, woyendetsa ngakhale akuoneni sangaime pomwepo. Kukada, ngati mulibe nyale, pemphani malo mugone. Mukagwa n'kusupuka, tsukani bala ndi sopo ndi madzi abwino, musathire dothi, phulusa kapena oyilo wa tcheni. Bala lakuya lifunika kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Galu akakulumani, tsukani ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mupite kuchipatala tsiku lomwelo chifukwa cha chiwewe, ngakhale bala lichepe.

Kutentha kukakula, madzi a m'dambo amakopa kuti udumphiremo. Ife a m'mbali mwa Chiuta ndi Chilwa likodzo timalidziwa. Tizilombo take timachoka mu nkhono za m'madzi odikha n'kulowa pakhungu. Ndi bwino kudzithira madzi a pa mjigo.

Mukafika n'kugulitsa, musatembenuke tsiku lomwelo. Ambiri amagwa pobwerera, chifukwa mphamvu zinatha popita ndipo mtima uli kunyumba. Idyani nsima yotentha, sambani, gonani mu neti. Neti ndi yopepuka, ikulungeni pamwamba pa katundu. Achinyamata anzanga, ndalama zikakhala m'thumba ndipo kwanu kuli kutali, mukudziwa zimene zimachitika m'malo ogona alendo. Ngati simungadzigwire, kondomu ikhale m'thumba, Jeito kapena ya ulere ya kuchipatala.

Mukabwerako ntchafu ndi msana zidzawawa masiku awiri kapena atatu, makamaka tsiku lachiwiri. Zimenezo zimatha zokha, yendaniyendani ndi kumwa madzi. Zimene sizofunika kudikira ndi izi: mkodzo wakuda ngati tiyi wopanda mkaka, mkodzo wosatuluka, magazi pomaliza kukodza, kutsegula m'mimba kwa madzi ngati otsukira mpunga, kapena kutentha thupi. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo muwauze anamwino kumene munapita ndi madzi amene munamwa panjira. Amene muyeso wa shuga ndi mchere uja wakudutsani, mupezeni APE wa kwanu akuonetseni ndi supuni ya m'nyumba mwanu momwemo.